Diso Loona Madzi Okha

Malenga Chanzi, Nkhotakota
10 Januwale 1996

Okondedwa Bambo a Kalilu,

Asalamu aleikumu. Kaya inu muli bwanji ku Lilongwe kumeneko, pamodzi ndi a Tedson oyendetsa ndege aja? Kuno mayi anu ali bwino, koma mwana wanu Kalilu sali bwino. Ndayamba ndi zimenezi kuti musachite kuzipeza kumunsi kwa pepala.

Thupi linayamba kutentha chaka chisanathe. Ndinapita naye kuchipatala chaching'ono, anamupatsa fansida. Kutentha kunatsika koma mwana sanabwerere. Bere sakulifuna, phala sakulifuna, amangondiyang'ana. A nesi anatambasula chikhatho chake n'kundionetsa, chayera ngati m'kati mwa chinangwa. Akuti magazi akumuthera, ndipo zikapitirira ndipite naye kuchipatala chachikulu kuboma akamuwonjezere ena. Nditawauza mayi anu anati, "Magazi a mwana wa Idrisa sasakanizidwa ndi a munthu wina mwiniwake asanalankhule. Dikira abwere." Ine pamudzi pano ndine wobwera, ndingatsutse bwanji? Kwathu ku Dwambazi n'kutali, ndipo mtsinje wadzaza.

Ndiye ndachita monga tinapanganirana. Paja munati Lachiwiri lililonse ndege yanu popita ku Likoma imadutsa pamwamba pathu. Munati ndikayala nsalu yoyera mudziwa kuti tili bwino, ndikayala yachikasu mudziwa kuti mukufunika kunyumba. Yoyera ija munaiona mu Okutobala, a Tedson anatsitsa ndege n'kupendeketsa mapiko mpaka nkhuku zonse zinathawira kunsi kwa nkhokwe. Akazi a m'mudzi muno anandichitira kaduka sabata yonse.

Dzulo ndayala yachikasu, ija tinalandira kumsonkhano wa chipani. Ndaisokerera ku ya mayi anu kuti ikule. Pamchenga inkanyowa n'kukwiririka, ndiye ndinakapempha thandala loyanikapo nsomba kwa a Gresham, asodzi a kumpoto aja. Akazi awo a Emelda anayang'ana nsalu, anayang'ana ine, n'kunena kuti, "Chisankhotu chinatha kale, mama. Kapena mukukopa akhwangwala kuti akavote?" Ndinangoseka kuti andibwereke thandalalo. Mukudziwa kuti iwo ndi ife sitilankhulana kwenikweni chichokere nthawi ya chisankho.

Kunja kunali mitambo yokhayokha. Ndege sindinaione, koma ndinaimva ikulira patali, cha kunyanja. Sindinadandaule, chifukwa ndinakumbukira mawu anu akuti ndege yanu ili ndi diso kumphuno loona kupyola mitambo, moti mvula ya ku Likoma mumaiona mukadali pamwamba pa mapiri a Ntchisi. Diso loona kutali choncho silingaphonye nsalu ziwiri zosokerera pamodzi. Ndikudziwa kuti mwaiona.

Ndakuchapirani malaya munasiya aja, ndapunthanso mpunga. Kalatayi ndangolemba kuti mtima ukhale pansi. Mwina mufika inu iyo isanakupezeni.

Ndine mkazi wanu,
Nasra


Lilongwe
14 Januwale 1996

Wokondedwa Make Kalilu,

Asalamu aleikumu. Uli bwanji iwe ndi bwana wamng'onoyo? Kodi wayamba kutchula bwino ndege, kapena akadali pa "dege" yemwe uja? Amayi uwapatse moni. Ine ndili bwino, kungoti chichokere Disembala sindinalandire kalata yako. Akuti mlatho wina wakokoloka pamsewu wa kunyanja ndipo matumba a makalata angounjikana. Komabe sindikuda nkhawa. Kukanakhala vuto ndikanamva.

Usadabwe kuti masiku ano sitikudutsa pamwamba panu. Mvula ya chaka chino yatikaniza. Lachiwiri lapitali mpando wakutsogolo unalibe mlendo, ndiye nditamaliza kupakira makatoni a mankhwala a Tedson anati ndikhale pambali pawo. Diso ndinkakuuza lija ndaliona bwinobwino tsopano. Dzina lake ndi rada. Chenichenicho chimakhala m'kati mwa mphuno ya ndege, koma zimene chaona zimatuluka pa kagalasi kofanana ndi vidiyo ya kumsika, kungoti n'kakang'ono ngati buku la mwana wa sukulu. A Tedson akuti mtambo weniweniwo silimauona. Limaona madontho a madzi basi. Pamene pali kamvula kowaza pamabiriwira. Ikakula pamachita chikasu. Pakafiira ndiye kuti pali chimvula ndi chimphepo choti ndege yaing'ono ngati yathuyi ingathyoke mapiko.

Titangopitirira mapiri, pamene pali Nkhotakota panali psuu ngati munthu waphwanyirapo tomato. Ndinati, "Bwana, kwathutu uko." Iwo anati, "Kwanu kwapsa lero, Idrisa. Mkazi wako udzamubayibitsa mu Epulo." Tinakhota, tinakadzera kutali pakati pa nyanja.

Koma tamva ichi. Kuseri kwa kufiirako kunali malo akuda bii, opanda ngakhale kadontho. Ine ndi nzeru zanga ndinaloza ndi chala n'kunena kuti tidutse apo, pali bwino. A Tedson anandimenya kadzanja. Anati, "Apo ndiye poopsa kupambana ponse. Diso likakumana ndi chimvula silipyola. Pakuda apo likungotiuza kuti silikuona, silikunena kuti kulibe kanthu." Manja ndinawabisa m'thumba mpaka ku Likoma.

Anzanga a kuno amatinso ukaima kutsogolo kwake lili loyaka sudzaberekanso. Kaya n'zoona kaya amangondiopseza, koma ine potsuka mphuno ya ndege ndimayamba ndafunsa ngati azimitsa. Kalilu akufunika mlongo wake.

Nsalu yoyera ija uisunge kaye, isamanyowe pachabe. Tidzayambiranso mvula ikatha. Undilembere nkhani za kumunda, ndiponso ngati denga la kukhitchini likudonthabe.

Ndine mwamuna wako,
Idrisa


Malenga Chanzi
24 Januwale 1996

Bambo a Kalilu,

Asalamu aleikumu. Moni ndapereka, koma mtima wanga suli m'malo. Muli moyo kodi? Ngati muli moyo, mwakhaliranji chete? Kalata yanu palibe, inu palibe, ngakhale uthenga wapakamwa. Ndamva kuti mlatho wakokoloka cha ku Salima, koma anthu akuwoloka pansi, ndipo amuna a anzanga akufika.

Nsalu ndinayala Lachiwiri lapita lija, ndayalanso dzulo. Galimoto iliyonse ikalira kumsewu ndimathamanga mwana ali kumbuyo. Kumjigo akazi ayamba kundinena ndili pomwepo. Wina anati, "Amuna a kubwalo la ndege satha chaka asanapeze wa ku Lumbadzi wopaka milomo." Ndinatunga madzi anga, koma kunyumba ndinalira. Chifukwa ngati diso lanu likuona mvula ya ku Likoma, ndiye kuti nsalu yanga mwaiona, n'kuyang'ana kumbali.

Kalilu watupa mapazi. Akupuma mofulumira ngati mwanapiye wonyowa. Lolemba ndinali nditamanga kale kamtolo kuti ndithawe naye kuboma, koma ndinaganiza kuti ndikachoka, Lachiwiri nsalu ayala ndani? Mungadutse n'kupeza thandala lili lokha, n'kumati vuto latha. Ndiye ndinamasulanso.

Dzulo mvula inayamba m'mawa. Ndinaima pathandala nditagwira ngodya za nsalu kuti mphepo isaulutse. A Emelda anatuluka atafunda thumba la feteleza kumutu.

"Iwe mwana, ukudikira chiyani pamvula?"

"Bambo ake."

"Atsika pa chingwe?"

Sindinaseke. Anazungulira kumbuyo kwanga, anavundukula mwana, n'kumutsitsa chikope ndi chala. Atayang'ana, nthabwala zinatha. Anati, "Yayi, mama. Ndege imeneyo yanyamula magazi? Mawa bwato la a Gresham likupita kuboma ndi usipa. Ukwere."

Ndinati apongozi anga akana. Iwo anati, "Apongozi ako anabereka wawo, ndi amene ali m'mwambayo. Uyu wabereka ndiwe."

Ndikulemba m'mawa uno bwato likupakiridwa. Mayi anu ndawauza nditagwada. Angotembenukira kukhoma. Mwezi wa Ramazani wayamba, aliyense ali ndi zopempha zake, ine duwa yanga kwa Mulungu ndi imodzi yokha.

Ndikupita popanda mawu anu, Bambo a Kalilu. Ngati mundisiye chifukwa cha zimenezi, mundisiye. Ngati ine ndakukolani, nenani. Koma mwana uyu sanakulakwireni, ndipo wafanana nanu mpaka makutu omwe. Nsalu ndaisiya pathandala, ndaimanga ngodya zonse ndi luzi, kuti mukadutsa muipeze.

Nasra


Kuchipatala, kuboma
26 Januwale 1996

Bambo a Kalilu,

Asalamu aleikumu. Sindikudziwanso ngati makalata angawa akukufikani, koma ndilibe wina womuuza. Pepala ili andipatsa a nesi.

Tinafika. Panyanja mafunde anali aakulu, madzi ankalowa m'bwato, ine ndinamufungatira mwana pansi pa pulasitiki yofundira nsomba. Kuno atangomuona anathamanga naye. Anati akufunika magazi lero lomwe, koma achibale ndi amene amapereka. Ndinatambasula mkono wanga. Atandiyeza anati anga omwe ndi ochepa, akanditenga tigona pabedi awiri.

Ndinathamangira kwa achimwene anu a Rashid, pakhonde la sitolo pamene amasokera paja. Anandilandira bwino, anafunsa za mwana, kenako anati, "Ndasala, mlamu. Ndikamasula madzulo ndibwera." Dzuwa linalowa, anthu anamasula, iwo sanaoneke. Sindikuwanena. Magazi amayamba ayezedwa, ndipo masiku ano amuna ambiri akuopa kumva zimene kuyezako kunganene.

Muwodi muno mayi aliyense ali ndi womudikirira. Wina amubweretsera phala, wina amugwirira mwana kuti akasambe. Ine ndinakhala pansi nditatsamira mwendo wa bedi, ndikumvetsera kupuma kwa Kalilu. Ndege ina inalira kutali, ndinapezeka ndaimirira pawindo ngati wopusa, pamene silinali n'komwe Lachiwiri.

Dzulo m'mawa a Emelda analowa akununkha usipa, beseni lili m'manja. Ndinkaganiza kuti anabwerera ndi bwato. Anati, "Amupatsa?" Ndinati wopereka palibe. Anati, "Mudzi wonse uja unadya mpunga paukwati wako?" Anaika beseni pansi n'kufunsa a nesi kuti koyezetsa ndi kuti.

Magazi awo agwirizana ndi a mwana. Ali chigonere singano ili pamkono anandiitana n'kunena kuti, "Ukawauze apongozi ako kuti mdzukulu wawo tsopano ndi wa kwathu. Akadzakula adzavota bwino." A nesi anaseka mpaka anagwira pamimba. Inenso ndinaseka, koyamba chiyambire chaka chino, kenako kusekako kunasanduka kulira. A Emelda anati, "Leka zimenezo, ukandigulire sobo m'malo molira, mutu ukuzungulira."

Thumba lapachikidwa, ladontha pang'onopang'ono mpaka latha. Kalilu sanatsegulebe maso. A dokotala akuti tinachedwa kubwera, koma ana nthawi zina amadabwitsa. Mawu akuti tinachedwa akungozungulira m'mutu mwanga. Ndimawerenga Malachiwiri amene ndinaima pathandala paja, ndiye ndimaleka.

Chinthu chimodzi chokha mundiyankhe, ngakhale pakapepala kong'amba. Nsalu ija munaiona kapena simunaione? Ndikufuna ndidziwe munthu amene ndikumudikirayu.

Nasra


Lilongwe
6 Febuluwale 1996

Make Kalilu,

Makalata ako atatu andipeza dzulo, onse pamodzi, omangidwa ndi mphira. Ndinayamba ndi loyamba ndikumwetulira. Pofika lachitatu ndinali nditakhala pansi pa simenti.

Sindinaione, Nasra. Ndikulumbira pamaso pa Mulungu m'mwezi uno wosala, sindinaione. Mu Okutobala ndinaona nsalu yoyera ija ndi maso angawa pawindo, chifukwa kunja kunali koyera ndipo tinatsika pafupi. Rada siona nsalu, siona munthu, siona mudzi wathu. Imaona madzi a mvula. Ndinakulembera zimenezi mu Januwale, koma ndaona kuti kalata yangayonso inakhala m'thumba. Wa ku Lumbadzi kulibe. Ndimagona m'kachipinda kuseri kwa nyumba yosungira ndege, ine ndi makoswe.

Lero ndinawagwadira a Tedson. Anavomera kuti kukakhala bwino atera pabwalo la ku Nkhotakota, anditsitse, iwo apitirire. Ndinakhala kutsogolo, maso pa kagalasi. Titapitirira mapiri panali pofiira kuyambira kumtunda mpaka kulowa m'nyanja. Anazungulira kufunafuna mpata. Anakweza diso, analitsitsa, anazunguliranso. Ine ndinati, "Bwana, lowani, mwana wanga ali pansi apo." Anati, "Ndikalowa apo, ngati ali moyo akhala wamasiye." Ndiye tinakhota. Ndakhala ndikukondwera nako kagalasi kameneka ngati mwana, lero ndinafuna kukaswa.

Ali moyo kodi? Ndiuze zimenezo zokha. Sunalakwe kupita. Ukanapita kale. Amayi ndidzalankhula nawo ndekha, ndipo a Emelda sindikudziwa kuti ndidzawayang'ana bwanji kumaso.

Akuluakulu a kuno akuti tchuthi andipatsa pa Idi, kusala kukatha, ndikachoka panopa ndisabwerenso. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole yopita ku Dwangwa, adzera njira ya ku Ntchisi. Abwerera Lachisanu, aima pamsewu pa mtengo wa mango paja. Ukati bwerani, ntchito ndiisiya, ndibwera ngakhale wapansi.

Idrisa


Malenga Chanzi
8 Febuluwale 1996

Okondedwa Bambo a Kalilu,

Waleikumu salamu. Kalilu ali moyo.

Anatsegula maso tsiku lotsatira nditakulemberani, n'kuyamba kulira. Sindinamvepo kulira kokoma choncho. Anatitulutsa sabata yatha. Mapazi aphwa, zikhatho zayamba kufiira. Kuyenda sanayambirenso, koma dzulo anakwawa kuthamangitsa abakha a a Emelda. Iwo akuti n'zosadabwitsa, mwanayo akudziwa kwawo.

Mayi anu sanandilankhule masiku angapo. Kenako ndinawaona atasenza lichero la mpunga, ulendo kwa a Gresham, okha. Zimene anakambirana sindikuzidziwa, koma anakhalitsa. Pobwera anandiuza kuti mwana ndimufunditse, kunja kukuzizira. Musalankhule nawo zambiri.

Kalata yanu ya mu Januwale yafika tsiku limodzi ndi ya dalaivalayi. Ndinaiwerenga pathandala, a Emelda akusankha nsomba. Pa nkhani ya mlongo wa Kalilu ija anaseka n'kunena kuti mukamatsuka mphuno ya ndege muziima komweko pang'ono, ine ndipumeko. Koma ine ndinabwereza pamene a Tedson anakumenyani kadzanja. Anakuuzani kuti pakuda sipatanthauza kuti kulibe kanthu. Inu munamva, munandilembera bwinobwino. Koma kumtunda kwa pepala lomwelo munalemba kuti simukuda nkhawa chifukwa simunamve kanthu.

Sindikukuimbani mlandu. Inunso munali kuseri kwa mvula, ngati ine. Ndakhulupirira kuti simunaione. Kungoti ndikanadziwa kuti diso lanu limaona madzi okha, ndikanakwera bwato sabata yoyamba ija, ndipo mawu akuti tinachedwa sakanandikhala m'mutu mpaka lero.

Nsalu zachikasu zija ndazimasula. Ya mayi anu ndawabwezera. Yanga ndapatsa a Emelda. Kuvala akana, akuti anthu a kwawo angawathamangitse, ndiye amafunditsa nsomba mvula ikamabwera, nkhope ya munthu wa pansaluyo itayang'ana pansi. Yoyera ija akugonera Kalilu. Mu Epulo musawavutitse a Tedson kuti atsitse ndege. Pathandala mudzangopeza usipa.

Ntchito musasiye. Bwerani pa Idi, pa basi, mudzatsike pamsewu ngati amuna a anzanga. Mudzabwere ndi shuga wa a Emelda ndi misomali, denga la kukhitchini likudonthabe. Ndipo mundipezere nambala ya telefoni ya kuntchito kwanu, kupositi kuboma ilipo yoimbira.

Lachiwiri lija ndinaimva ndege yanu. Inalira nthawi yaitali kuseri kwa mvula, kupita n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Sindinadziwe kuti mukufunafuna mpata. Kalilu analoza kudenga n'kunena kuti, "Dege." Ine sindinatuluke. Ndinali kumudyetsa phala, ndipo ankadya.

Ndine mkazi wanu,
Nasra